Ndinkangochepetsa Mimba, Iwo N'kumakonza Maliro

Ndi anthu ochepa kwambiri amene anamvapo nyimbo ya maliro awo ndi makutu awoawo. Ine ndine mmodzi wa iwo, ndipo sindikunyadira ayi. Mukandiona lero ndikudutsa pa Njuli ndi kamtolo ka bonongwe kukhwapa, musandiseke msanga. Thupi ili lachokera kutali.

Zinachitika zaka zoyambirira za m'ma 2000. Nthawi imeneyo ndinali ndi kagolosale pa Njuli, koma ndinkakhala ku Likoswe, kwawo kwa akazi anga, amake Chisomo, monga mkamwini wina aliyense. Ndipo ndinali wonenepa. Sindikunena kunenepa koti anthu azingoti "akuoneka bwino" ayi. Ndikunena kunenepa koti ndikafuna kumanga zingwe za nsapato ndinkayamba ndakokera mpweya, ngati munthu wofuna kumira pa dziwe. M'sitolo inkayamba kulowa ndi mimba, mwiniwakene n'kubwera pambuyo. Anyamata a kabaza akandiona ndikubwera poteropo, aliyense ankawerama n'kuyamba kukonza tcheni chomwe sichinaduke.

Komatu ndinkainyadira mimbayo. Masiku amenewo maliro anali mbwee m'midzi. Munthu ankayamba kuonda, kutsokomola, kenaka tamva wapita. Ndiye ukakhala ndi thupi, aliyense ankadziwa kuti uli bwinobwino. Apongozi anga, mayi awo a amake Chisomo, ankachita kundiloza kutchalitchi.

"Mkamwini wanga ndi uyo. Mwana wanga amadziwa kusamala mwamuna."

Kadyedwe kanga kanali kotere. M'mawa tiyi wamkaka, shuga wake woti supuni iziima yokha, ndi mandasi. Masana kapado, nyama ya nkhumba yapachiwaya, kuseri kwa sitolo, ndi tchipisi tosambira m'mafuta, mchere n'kuwaza ngati ndikufesa mawere. Chotsitsira chinali botolo la zoziziritsa kukhosi (sitolo inali yanga, akanandiletsa ndani?). Madzulo kunyumba n'kukapezanso amake Chisomo atakazinga zawo. Ine ndinkati umenewo ndiwo moyo.

Tsiku lina ndikutsitsa katoni ya sopo pashelefu, mutu unangoti waa, m'maso bii, ndinapezeka ndakhala pa thumba la mchere osadziwa kuti ndakhala liti. Ndinachita mantha, ndinapita kuchipatala cha pompo pa Njuli.

Adokotala anandimanga lamba pamkono n'kupopa. Anayang'ana. Anapopanso. Anandiyang'ana ine.

"Bambo, mutu umakupwetekani?"

"Mwa apo ndi apo."

"Magazi anu akuthamanga kwambiri. Bipi imeneyi tsiku lina idzakugwetsani, mudzauka mbali imodzi itafa ziwalo."

Anandikweza pasikelo. Muvi wake unathamanga ngati wakumbukira kanthu kunyumba. Adokotala anapukusa mutu n'kuyamba kundilangiza. Ndichepetse mchere, mafuta ndi shuga. Ndizidya masamba ambiri, nandolo, nyemba, zipatso, ndi mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Ndiziyenda pansi tsiku lililonse. Anamaliza ndi mawu akuti, "Koma pang'onopang'ono, bambo. Osasiya kudya."

Mawu omalizawo analowera khutu ili n'kutulukira linali. M'mutu mwanga munangotsala "kufa ziwalo". Bambo anga aang'ono anagwa choncho, anatha zaka akudyetsedwa phala ndi supuni, malovu ali chuchuchu. Ndinatuluka m'chipatalamo nditalumbira kuti mimba iyi ichoka basi, ndipo ichoka msanga.

Apa ndiye pamene ndinapusira. Ndinaganiza zosauza munthu aliyense.

Mundimvetse. Mwamuna wamkulu, wa sitolo yake, kumauza anthu kuti ndikuchepetsa thupi? Njuli yonse ikanagwa ndi phwete. Zimenezo tinkangomva kuti amachita azimayi a m'maofesi ku Blantyre. Nanga amake Chisomo ndikanawayamba bwanji? Kuwauza kuti mafuta amene amandithirira mwachikondi aja akundipha? Ndinati ayi, ndichita mwakachetechete, adzangoona ndasalala ngati mnyamata.

Ndinayamba ndi chiwaya. Ndinasiya kupitako. Mwini chiwaya anachita kunditsatira m'sitolo.

"Bwana, talakwanji? Lero ndakusungirani yamafuta ija."

"Sindikumva njala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka.

Kunyumba ndinayamba kutema mbamu ziwiri zokha n'kusamba m'manja. Tsiku loyamba amake Chisomo anangoti mwina ndatopa. Zitapitirira anafunsa.

"Abambo a Chisomo, ndiwozi zalakwika?"

"Ayi, zili bwino. Ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani?"

"Ndangokhuta."

"Mwadya kuti?"

(Amuna anzanga, funso limeneli likabwera, dziwani kuti si la chakudya. Ine sindinadziwe.)

Kenaka ndinati kuyenda n'kochedwetsa, bola kuthamanga. Koma munthu wa thupi langa kuthamanga pamsewu masana, ana a sukulu akanandilondola akuimba nyimbo. Choncho ndinkadzuka m'bandakucha, kutsegula chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire, n'kulowera njira za m'minda cha ku Kadewere. Uko nandolo anali wamtali, wobisa munthu bwinobwino. Ndinkathamanga mpaka mtima kufuna kutulukira pakamwa, n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanatuluke, kukagona ngati sindinachoke.

M'mawa wina ndikutuluka m'munda wa nandolo wa eni ake, wefuwefu, thukuta kamukamu, dzanja limodzi litagwira buluku lomwe linali litayamba kukhwepa, ndinakumana maso ndi maso ndi mayi wina wa m'mudzi mwathu akupita kumjigo. Anaima. Anayang'ana ine, anayang'ana bulukulo, anasuzumira m'mundamo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka, kaya inu?"

"Ifenso tadzuka. Tadzukira kwathu."

Ndinaseka nawo. Ndinkaganiza kuti ndi nthabwala chabe.

Chomwe chinandimaliza ndi malangizo a dalaivala wina amene ankatibweretsera katundu kuchokera ku Limbe. Sindinamuuze zanga, koma pocheza anati abwana ake aakazi amasungunula mafuta a m'thupi ndi madzi otentha ofinyiramo mandimu, osadya kanthu. Ndinaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. M'mawa mandimu. Masana nthochi imodzi, nthawi zina mandimu okhaokha. Madzulo timbamu tanga tija.

Abale inu, thupi linagwa ngati nyumba ya zidina nthawi ya dzinja. Lamba ndinkachita kuboola mabowo atsopano ndi msomali. Khosi linkasambira m'kolala. Masaya analowa, milomo inauma n'kusweka. Inali nyengo yozizira, chiperoni chili tsiku ndi tsiku, ndiye kuthamanga kwa m'mawa kuja kunandipatsa chifuwa chosatha. Mandimu nawo anayamba kundipotokola m'mimba, moti njira ya kuchimbudzi ndinaidziwa ngati ya kumunda. Koma ine ndikadziyang'ana pa kagalasi ka m'sitolo, ndinkamwetulira. Ndinkati zikuyenda.

Ndiye anthu anayamba kundikonda modabwitsa.

Ogula ankalonjera kawiri. "Mwadzuka bwanji? Koma mwadzukadi?" Anyamata a kabaza omwe ankandithawa aja anayamba kulimbirana. "Kwerani, bwana, musavutike kuyenda, lero n'zaulere." Abusa anadutsa pasitolo n'kundigwira dzanja nthawi yaitali, osagula ngakhale machesi.

Woposa onse anali a Mateyu, kalipentala wa tsidya lina la msewu. Iwowa kale ankakhoma mipando, koma zaka zimenezo anali atasiya, n'kumangopanga mabokosi a maliro. Tsiku lina anandiimitsa, anaima pambali panga phewa ndi phewa, n'kuika chikhato pamutu pawo, kenaka pamutu panga.

"Ndinu wamtali ndithu, eti? Koma m'mapewamu mwachepa."

"Mwaona eti?" ndinatero, mtima uli mbee.

"Ndaona. Matabwa abwino akusowa masiku ano, koma inu ndinu mnzanga. Ndakusungirani a mkungudza."

Ndinawathokoza kwambiri. Ndinkaganiza kuti akunena za mashelefu.

Kunyumba amake Chisomo anangoti zii. Mafunso anasiya. Anatenga mphasa n'kumagona pabalaza ndi mwana wathu wamng'ono, wa miyezi yochepa chabe, ati kuchipinda kukutentha. Kutentha mwezi wa chiperoni! Mwanayo anayamba kulira kosalekeza, ndipo ndinkaona akumumwetsa kaphala kamadzimadzi ndi supuni. Maso a mayi ake anali ofiira m'mawa uliwonse. Ine, chitsiru cha munthu, ndinkati ndi utsi wa kukhitchini.

Loweruka lina masana uthenga unandipeza kusitolo kuti nditseke, ndikufunika kunyumba msanga. Tsiku limenelo m'mimba munali mandimu okha. Kabaza ndinakana monga mwa masiku onse, ndinayenda pansi mpaka ku Likoswe.

Ndisanafike ndinamva nyimbo. Ya pansipansi, ya chitonthozo, ija timaimba kukagwa zovuta. Nditakhota pa nthochi za apongozi, ndinaima. Bwalo lonse linali lodzaza. Amayi a kumpingo atakhala pamphasa ndi mipango yawo yoyera. Atsibweni awo a amake Chisomo, eni mbumba, ali pampando pansi pa mtengo wa mango. Apongozi ali pakhonde, dzanja lili patsaya. Ndipo achimwene anga enieni, amene amakhala ku Kadewere ndipo anali asanapondepo pakhomo panga chaka chonse, anali pomwepo, wailesi yanga ili pamiyendo pawo.

Ndinaganiza za mwana.

"Kwagwanji? Watisiya ndani?"

Onse anangondiyang'ana ndwii. Mayi wina anayamba kufwenthera.

"Akamwini, khalani apa," anatero atsibweni, akuloza kampando. Ndinakhala. Anatsokomola kaye. "Mutu umodzi susenza denga. Taona tokha mmene zinthu zilili. Matendawa simuli oyamba, ndipo sitinabwere kudzakunyozani. Koma mwana wathuyu ali ndi khanda. Tikufuna chilungamo nthawi ikadalipo. Mkaziyo ndi wa kuti?"

"Mkazi uti?"

"Wa m'munda wa nandolo."

Ndinayang'ana pagulupo, ndipo mayi wa kumjigo uja anali pamzere wakutsogolo, akugwedeza mutu ngati mboni ya kukhoti.

"Chakudya cha pakhomo pano munasiya," anapitiriza atsibweni. "Mumadya kwina. M'bandakucha mumazemba. Tsopano taonani mmene mwathera. Chifuwa, kutsegula m'mimba. Ife si ana."

Achimwene anasendera pafupi, n'kundigwira bondo mwachifundo.

"Mphwanga, ulula usanapite, upite ndi mtima woyera. Komanso makiyi a sitolo uwasiye m'manja mwa abale. Wailesiyi ndayamba kale kukusungira."

Apa m'pamene zonse zinalumikizana m'mutu mwanga nthawi imodzi. Kulonjera kawiri kuja. Abusa. Kabaza waulere. A Mateyu ndi chikhato chawo. Mkungudza! Anthu awa sanabwere pa maliro a munthu wina. Anabwera kudzayamba anga.

Ndinadzambatuka.

"Ine sindikudwala! Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ndikungochepetsa..."

Polumbirapo ndinakweza manja onse awiri kumwamba. Ndinaiwala kuti dzanja limodzi linali ndi ntchito. Lamba anali atafika poti msomali ulibenso pobowola, ndipo buluku linangoti phwa, mpaka m'mapazi. Pamaso pa amayi a kumpingo. Pamaso pa atsibweni. Pamaso pa apongozi anga, amene chikwatirire changa tinkapatukirana njira mwaulemu.

Amayi anakuwa n'kuphimba kumaso ndi mipango. Ine ndinawerama mofulumira kuti nditole manyazi anga. Mutu unati waa. Nthaka inabwera yokha kudzandipsompsona.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Chomwe ndinayamba kumva, chapatali ngati kutsidya kwa mtsinje, ndi mawu a apongozi.

"Mayo ine! Mkamwini wanga! Wapita ali chiimire!"

Nyimbo ija tsopano inali itakwera, mawu onse anayi. Ndinamva nsalu itandifunda mpaka kumaso. Wina ankandiwongola miyendo. Wina ankati, "Tumizani uthenga kwa a Mateyu." Ndipo m'thumba la malaya anga munali dzanja la munthu, likufufuza modekha.

Ndinaligwira dzanjalo.

"Achimwene," ndinatero ndi mawu a pansi pa nsalu, "makiyi ali m'buluku."

Sindinaonepo azimayi akuluakulu akuthamanga chonchija. Mipango inatsala m'mitengo ya chinangwa. Mayi wa kumjigo uja analumpha mpanda wa khola la mbuzi osaukhudza. Achimwene anagwa chagada, wailesi n'kugwera uko, n'kuyamba kulankhula yokha za mitengo ya feteleza. Amene sanathawe ndi amake Chisomo okha. Anandivundukula nsalu, anandiyang'ana, n'kukuwira atsibweni kuti abwerere, apeze njinga.

Kuchipatala tinapeza adokotala omwe aja. Poyamba sanandizindikire. Atandizindikira anavula magalasi.

"Bambo, ndinu amene ndinakuyezani bipi aja? Mwadya chiyani lero?"

"Mandimu."

"Ndi chiyani?"

"Ndi madzi otentha."

"Dzulo?"

"Nthochi."

"Zingati?"

Ndinaimika chala chimodzi. Anakhala pansi.

"Ine ndinati chepetsani. Sindinati siyani. Mukanafa ndi njala m'sitolo yodzaza ndi zakudya!"

"Achepetse chiyani?" anafunsa amake Chisomo.

Adokotala anandiyang'ana. "Simunawauze amayi?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo ndiwo anafotokoza zonse, za bipi, za mchere ndi mafuta, za kuyenda. Za m'munda wa nandolo ndinafotokoza ndekha, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pamjigo wakutha.

Ndinawayang'ana amake Chisomo. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena anditukwana. Koma atatsegula pakamwa, mawu awo anali ozizira.

"Ndiye miyezi yonseyi mumathamanga? Ine osagona, inu mukuthamanga? Mukudziwa kuti mwana uja ndinamuletsa bere? Ndinkaopa kumupatsira. Amalira usana ndi usiku, mabere akundipweteka, ine n'kumati bola mmodzi atsale. Ndinkamuyang'ana Chisomo n'kumaganiza kuti adzamulera ndani. Inu mumabwera n'kumati ndakhuta."

Kugwa kwa buluku kuja kunali kochititsa manyazi, koma apa m'pamene ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinkaopa kusekedwa pa Njuli, ndipo chifukwa cha mantha amenewo mwana wanga anamanidwa bere.

"Pepani, amake Chisomo."

"Pepani wanuyo musunge. Lolemba tikupita kuboma, tonse awiri, akatiyeze magazi. Za nandolozo ndikazikhulupirira kumeneko."

Tinapitadi. Anatipeza tilibe kachilombo. Pobwerera amake Chisomo sanandilankhule mpaka tinatsika minibasi. Mwana, ndi thandizo la anamwino, anabwerera kubere pang'ono ndi pang'ono, ndipo lero ndi chimnyamata chondiposa msinkhu.

Kuyambira pamenepo nkhani ya thupi langa inachoka m'manja mwanga. Adokotala anandipatsa timapiritsi ta bipi toti ndizimwa m'mawa uliwonse, ndipo zotsalazo anazigwira amake Chisomo. Katatu patsiku, osadumpha. Phala la mgaiwa m'mawa, shuga wongonunkhiza. Nkhwani wotendera, chigwada, nandolo, usipa wowiritsa ndi tomato. Mchere anausamutsa, mpaka lero sindidziwa komwe umakhala. Kuyenda ndinkayendabe, koma dzuwa litatuluka, pamsewu waukulu, iwo ali pambali panga kuti aliyense aone. Thupi linabwerera pang'ono, la munthu wabwinobwino, lopanda chimimba chija. Chifuwa chinatha. Chizungulire sichinabwerenso.

Mukuganiza kuti mudzi unavomereza kuti unalakwitsa? Ayi ndithu. Nthawi imeneyo n'kuti mankhwala otalikitsa moyo atangoyamba kuperekedwa kuboma, ndipo anthu anatiwona tikukwera minibasi ya komweko. Ndiye nkhani inangotembenuka.

"Mwawaona a golosale aja? Anafa ife tikuona. Koma mankhwala obwerawa ndi amphamvu!"

Ndinatsutsa mpaka kutopa. Ndikati inali bipi, ankagwedeza mutu mwachifundo. "Inde, inde, bipi. Limbikirani kumwa."

Madzulo ena ndikutseka sitolo, kunabwera mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, bambo waulemu wake, amene tinkangolonjerana. Anadikira mpaka ogula onse atachoka. Jekete linali likulendewera pamapewa, wotchi itatsikira mpaka pachikhato.

"Achimwene," anatero monong'ona, "ine ndinaona mmene munathera, ndipo ndikuona mmene mwabwereramu. Ndakhala ndikuopa kupita ndekha. Kodi simungandiperekeze kumene mumalandirako?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ija ya mandimu. Ndinayang'ana wotchi ija. Ndinatsekanso.

"Mawa m'mawa," ndinatero. "Tikumane pa siteji."

Ndinawaperekeza, ndinakhala nawo pabenchi mpaka anaitanidwa. Iwo anawapeza nako kachilombo, anayamba mankhwala, ndipo ali moyo mpaka lero. Anapuma ntchito, ali ndi zidzukulu, ndi kamimba kondiposa ine.

Ngati pali chomwe ndinatolapo, n'chakuti ukafuna kuonda uyambe wauza mkazi wako, ndipo ugule lamba wa saizi yako. Zoti mudzi udzamvetsa, iwalani. Theka la Likoswe likudziwabe nkhani yanga mmene likuidziwira, ndipo ndinasiya kuwongola. Aphunzitsi aja akandiona pamsika, ngakhale pali anthu chotani, amakweza dzanja n'kufuula:

"Mnzanga! Mwamwa lero?"

Ine ndimakumbukira kapiritsi kanga ka bipi, n'kukweza langa.

"Ndamwa, aphunzitsi! Inunso osadumphitsa!"